Tsiku Limene Tinasudzula a Efulemu

Masiku ano anthu a m'mudzi mwathu akamatchula alamu anga a Efulemu Kansilanga amayamba apukusa mutu, kenako amati, "Aaa, uja anali munthu wa Mulungu." Ine ndikamva zimenezi mtima umandiwira. Anthu omwewa anali pompo tsiku limene tinawasudzula, atakhala pa mphasa maso ali pansi ngati ataya singano. Ndipo a Efulemuwo sanafe ayi, kuti tiziti "anali". Ali moyo ku Nathenje, akukhomabe ndowa pakhonde la golosale, makutu atagontha pang'ono ndi phokoso la nyundo. Amene akufuna kuwatamanda akwere njinga akawatamande komweko.

Kwawo ndi mudzi wina pakati pa Nathenje ndi Diamphwe. Sukulu analekezera sitandade 4 bambo awo atamwalira, ndipo ntchito yokhoma ndowa ndi makeni othirira m'dimba anaiphunzira kwa Msilamu wina wa pa Nathenje, amene anawalera limodzi ndi mwana wake Ismael. Kwathu kuno, kuseri kwa Mitundu, anabwera atakwatira akulu anga a Dorica. Ine Idesi ndinali ndisanakwatiwe nthawi imeneyo, ndipo ndinawaseka akulu angawo kuti pa anyamata onse a m'dera lino asankha kamunthu kosayankhula. Tsiku la msika alamu ankapachika ndowa pa njinga n'kupita nazo ku Mitundu kapena ku Nathenje, zikulira ngwelengwele njira yonse, agalu akuwauwa.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Nyumba amanga yekha, chigafa cha fodya amanga yekha, mango adzala yekha, koma dothi si lake, ndipo ana amene abereka ndi a kuchikazi. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amakhala pansi n'kugamula: kaya mkamwini atsale alere ana ake, kaya amusudzule azipita kwawo chimanjamanja. M'banja lathu wogamula anali achimwene athu a Esau, mwini mbumba, atsibweni a ana athu tonse. Mkamwini waulemu nthawi zambiri amasiyidwa kuti akhale. A Efulemu anali aulemu mpaka kunyanya, moti palibe amene ankaganiza kuti mwambo umenewu ungadzawagwere.

Chimene ankadziwika nacho kuposa ndowa chinali kupemphera. Musaganize za anthu aja ofuula mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Iwo mawu awo anali aang'ono, osasa, ndipo ankayankhula ndi Mulungu ngati mmene munthu amafotokozera mbale wake za kumudzi. Ankatchula anthu mayina, mmodzimmodzi. "Ambuye, uyu ndi Pitala, mwendo wake watupa, mukumuona. Uyu ndi Patricia, mwamuna wake chipitireni ku esiteti sanabwere." Pa chakudya ankatha kuzungulira mudzi wonse chotero, mpaka a Dorica, amene anali munthu wanthabwala, ankanena okha "Ameni" wamkulu pakatikati kuti ana adye.

"Alamu," ndinawafunsa tsiku lina, "kodi Mulungu sawadziwa anthu ake, kuti muzichita kumuitanira mayina ngati aphunzitsi m'kalasi?"

"Amawadziwa, mlamu," anatero akuwongola lata pa chitsulo. "Woiwala ndi ine."

Ndinakwiya ndi yankho limenelo. Anali otero a Efulemu: ukawaponyera mawu kuti muzazirane pang'ono tsiku lipite, iwo ankakuyankha modekha n'kupitiriza kukhoma, iwe n'kutsala ndi mkwiyo wako. Komanso sankanama. Munthu akamutchula m'pemphero usiku sankamuiwala kukacha. Pitala uja anamukweza pa njinga mpaka kuchipatala, ndipo ndowa ya Patricia ankaimata ulere nthawi iliyonse ikabooka. Chaka cha chilala cha 1992 anapempherera mvula pa tchalitchi, mvula sinagwe, ndipo anthu ena anawaseka. Iwo anangopitiriza kutchula mayina a anjala, n'kumagawa gaga wa m'nyumba mwawo mpaka akulu anga kudandaula.

Tsono ife kuno tili ndi kapempheredwe kathu kamene aliyense amakadziwa ngakhale palibe amene amavomera. Munthu akatsinzina n'kuyamba "Ambuye Mulungu wathu," palibe angamudule mawu. Ndiye amene ali ndi chifukwa ndi mnzake amadikira nthawi ya pemphero. Mayi akaberedwa nkhuku sathamangira kubwalo la milandu; amadikira msonkhano wa amayi kutchalitchi, n'kunena kuti, "Ambuye, khululukirani ena amene akudya nkhuku zosaweta, ena mwa iwo avala duku loyera pompano." Mkulu wa mpingo akafuna kudzudzula abusa amatero m'pemphero lotsekera. Timati kulasa. Ine pa kulasa ndine katswiri, ndimatha kumutulutsa munthu thukuta mwezi wa Juni, ndipo sindipepesa. A Efulemu okha ndi amene sankalasa munthu. Ukamva dzina lako m'pemphero lawo sunkachita kudzifunsa kuti ndalakwanji.

N'chifukwa chake msonkhano uliwonse ankatsegula ndi iwo. Komiti ya sukulu, kalabu ya feteleza, chinkhoswe, mlandu wa mbuzi zodya chimanga cha eni, zonsezo zinkayamba ndi mawu omwewo: "A Efulemu, titsegulireni." Achimwene a Esau anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, nthawi ija chipani chinali chimodzi, ndipo kwa zaka zambiri misonkhano yawo yonse inkayamba ndi "Alamu, titsegulireni." Ankanyadira nazo. Ankauza alendo kuti, "Ine ndili ndi mkamwini amene Mulungu amamumvera."

Kenako kunabwera matipate. Chaka cha 1993 anthu anavotera zipani zambiri, ndipo chaka chotsatira, fodya ali m'zigafa, kampeni inafika pachimake. Kuno anthu ambiri anakakamira chipani chakale. Achimwene anasanduka munthu wina: ankayenda ndi wailesi m'khwapa, ankayang'anitsitsa nkhope za anthu pamaliro, ankafuna kudziwa amene wapereka moni kwa yani. Nthawi yomweyo akulu anga a Dorica anadwala chifuwa chosamva mankhwala, nawonda mpaka chitenje kuwazungulira kawiri. A Efulemu anawatengera kuchipatala cha ku Nkhoma, kumene anagonekedwa. Ana awo, Chithokozo amene anali sitandade 6 ndi Calvin amene anali asanayambe sukulu, ankadya kwanga.

Tsiku lina alamu akuchokera ku Nkhoma anaima pa Nathenje kuti asiye makeni kwa a Ismael, mnzawo wa paubwana uja, amene tsopano anali ndi golosale ndipo ankawagulitsira katundu wawo. Anapeza chikhamu cha anthu pabwalo: msonkhano wa chipani chatsopano. A Ismael anali m'gulu la okonza msonkhanowo, ndipo anali atagwira njakata, chifukwa abusa amene analonjeza kudzatsegula ndi pemphero anali atachita mantha osabwera. Kuno msonkhano suyamba popanda pemphero, ngakhale wa anthu okonzekera kutukwana anzawo. Ataona a Efulemu akutsika pa njinga, anawathamangira.

"Achimwene, Mulungu wakutumani. Shehe wapemphera kale, koma Akhristu ndi ambiri pano. Tithandizeni."

A Efulemu anatsamiritsa njinga pa mtengo, navula chipewa, n'kupita pa chimkuzamawu. Amene analipo akuti anapempherera amene adzapambane kuti asadzatukumuke, amene adzagonje kuti asadzawotche nkhokwe za anzawo, atsogoleri akale ndi atsopano omwe. Pomaliza anati, "Ndipo ku Nkhoma kuli Dorica, mukumuona." Anatenga njinga yawo n'kuuyamba wa kumudzi, osamvera n'komwe zimene andale ananena.

Nkhani inafika kwathu iwo asanafike, ndipo inafika itanenepa. Pa Mitundu inali yoti apempherera chipani chatsopano kuti chipambane. Pofika pa mjigo wathu inali yoti awaveka nsalu ya chipanicho, ndipo Lachisanu akukalowa Chisilamu. Anthu amene a Efulemu anawapempherera ana awo akudwala chikuku ndi amene ankathamanga nayo nkhaniyi khomo ndi khomo.

M'mawa mwake achimwene anawapeza m'chigafa akusankha fodya. Ine ndinali pomwepo ndikuwathandiza.

"Alamu, mwandivula pagulu," anatero a Esau osapereka n'komwe moni. "Mukulima munda wanga, mukumwa madzi a kwanga, pemphero mukapereke kwa adani anga?"

"Anandipempha, alamu. Munthu akapempha pemphero sindimufunsa khadi."

Mawu a khadi aja anawaponda pachilonda, pakuti achimwene ndi amene kale ankaima pa chipata cha msika kubweza anthu opanda khadi la chipani. Nkhope inatupa.

"Mverani. Loweruka tili ndi msonkhano pabwalo la sukulu, kukubwera akuluakulu ochokera kutauni. Mudzatsegula ndinu. Mudzapemphe Mulungu mosabisa mawu kuti chipani chathu chipambane, ndipo awo a ku Nathenje achite manyazi. Mukatero, nkhani yatha. Mukapanda kutero, kumbukirani kuti mlongo wanga akudwala, ndipo inu pano ndinu mlendo."

Atachoka, ndinawagwira alamu malaya.

"Mwamva? Akunena za ana. Akulu anga akatisiya, akusudzulani, ana atsala kuno. Nenani mawu awiri okhawo. Mulungu adziwa kuti mwachita kukakamizidwa."

"Ndiye ndikanene kwa Mulungu zimene sindikuzifuna, kuti a Esau amve?"

"Eya! Anzanu onse amatero."

"Mlamu, ndikatsinzina ndimakhala ndikuyankhula ndi Mulungu. Ndikayamba kuyankhula ndi anthu nditatsinzina, ndiye kuti ndasiya kupemphera, ndayamba sewero."

Ndinawauza kuti sewero lopulumutsa ana ndi labwino kuposa chilungamo chowasiya amasiye kawiri. Anangotola tsamba lina la fodya. Ndinatuluka m'chigafamo n'kuwasiya okha.

Sabata yomweyo ndinapita ku Nkhoma kukaona akulu anga, ndipo ndinawauza zonse kuti mwina iwo awanyengerere amuna awo. Anaseka mpaka chifuwa kuwagwira. "Idesi," anatero atapuma, "ine ndinakwatiwa nawo ndikuwadziwa. Akanama kwa Mulungu lero chifukwa cha achimwene, ndidzadziwa bwanji kuti pondipempherera ine sakunama?" Ndinabwerako nditakwiyira onse awiri.

Loweruka linafika. Amayi anavina, fumbi linakwera, galimoto za alendo zinaima pansi pa mitengo ya bulugamu. A Esau anaimirira atavala jekete lawo la misonkhano, nati, "Alamu, titsegulireni," akuwayang'ana m'maso. Ine ndinapemphera chamumtima: Ambuye, kamodzi kokha, munthu uyu aname.

Sananame. Anapempherera alendowo kuti abwerere bwino, anapempherera a Esau powatchula dzina kuti Mulungu awapatse mtendere. Kenako anati, "Ndi anzathu amene anasonkhana ku Nathenje, nawonso ndi anu. Amene adzapambane asadzatukumuke, amene adzagonje asadzawotche nkhokwe za anzawo." Ameni anachokera kwa anthu owerengeka, ndipo ena anamumeza pakati. Mlendo wina wamimba anatembenukira kwa achimwene n'kufunsa mokweza, anthu onse akumva, ngati tcheyamani wolephera kulamulira mkamwini wake angalamulire dera. Anthu anaseka. Kuyambira tsiku limenelo a Esau anasiya kuyankha moni wa alamu awo.

Chisankho chinachitika mu Meyi. Kuno chipani chakale chinapambana, koma boma linapita kwa ena. Achimwene anatseka wailesi n'kuiponya pansi pa bedi, ndipo misonkhano yawo inathera pomwepo. Munthu akagonja amafuna woti amuloze chala, ndipo anthu a kwathu anamupeza pafupi: akuti pemphero la mkamwini lija ndi limene linagwetsa zinthu. Tangoganizani! Anthu amene anaseka a Efulemu kuti alephera kugwetsa mvula ndi omwenso ankakhulupirira kuti wokhoma ndowa angagubuduze boma. Ndowa anasiya kugula kwa iwo, ndipo komiti ya sukulu inayamba kutsegulidwa ndi ena, olasa.

A Dorica anatulutsidwa m'chipatala kuti akapumire kunyumba, ndipo tonse tinamva tanthauzo lake. Tsiku lina masana, atagona padzuwa kuseri kwa nyumba, anaitanitsa a Esau. Ndinawamva ndi makutu angawa akuti, "Achimwene, bambo a Chithokozo musadzawachotse. Ana awa alibe wina." A Esau anayankha kuti, "Chira kaye, Dorica, zinazo tidzaona." Akulu angawo anamwalira mphepo ya Julayi ili mkati.

Kumanda, mkulu wa mpingo amene anapatsidwa pemphero lomaliza anaona kuti wapeza mpata. Anatsinzina, nakweza mawu: "Ambuye, phunzitsani ena kuti munthu woyenda njira ziwiri amaitanira tsoka m'nyumba mwake." Analasa mwamuna wamasiye dothi la mkazi wake lisanaume, ndipo anthu anavomera Ameni. Ine ndimalasa, inde, koma sindinalasepo munthu pa manda. A Efulemu anaima chilili, Calvin ali m'manja, osatembenuka.

Mawa lake ndinawapeza atakhala pa chitsa chimene ankakhomerapo ndowa, manja ali pa maondo. Chisoni changa chonse chinali chitasanduka ukali, ndipo ndinawakhuthulira iwo.

"Mwapemphera miyezi yonseyi. M'mawa, masana, pa njinga, m'chipatala. Chatuluka n'chiyani? Akazi anu ali kumanda, mudzi wakudani, ana akuchoka m'manja mwanu. Pemphero lanulo ntchito yake n'chiyani?"

Anandiyang'ana. Maso anali ofiira.

"Ndinkapempha kuti achire, mlamu. Sanachire. Zikundipweteka, ndipo Mwini wake ndamuuza kuti zikundipweteka, sindinamubisire."

"Ndiye wakuyankhani chiyani?"

"Sanandiyankhe. Koma amake Chithokozo sanadwale okha. Tsiku lililonse ndinkawanyamula n'kukawaika pamaso pake. Ine sindine dokotala, sindine mwini mudzi. Ndikanasiya, ndikanawaika kuti?"

Ndinasintha nkhani. Msonkhano wa banja wogamula za iwo unali utaitanidwa kale, ndipo ine ndinali ndi nzeru yanga.

"Mverani, alamu. Mukapatsidwa mpata wopemphera pa msonkhanopo, musautaye. Tchulani ana. Nenani za chifuwa chimene chimamuvuta Calvin, nenani mawu amene malemu anauza achimwene. Amayi akayamba kulira, a Esau sangathe kukusudzulani pamaso pa anthu olira. Ulendo uno sindikukuuzani kuti muname. Zonsezo n'zoona."

"N'zoona," anavomera. Ndinaganiza kuti tagwirizana.

Tinakhala m'mawa pabwalo la nyumba ya malemu, amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Kunabwera ankhoswe a alamu ochokera ku Nathenje, ndi mkulu wa mpingo yemwe uja wa kumanda. Ana anakhala pafupi ndi ine. A Esau anaimirira, nakonza kukhosi. Anali asanatsogolerenso msonkhano chichitikireni wa pasukulu uja, ndipo lilime linawatsogolera kumene linazolowera zaka zonse zija.

"Alamu, titsegulireni."

Anazindikira mawu atatuluka kale. Ndinawaona akuluma mlomo, koma pemphero ukaitanitsa sungalibweze. Ndinamutsina Chithokozo kuti asendere kutsogolo, anthu amuone bwino.

A Efulemu anagwada.

"Ambuye Mulungu, takhala pansi kuti tikambe nkhani yovuta. Mutipatse mitima yoona. Ameni."

Basi. Ndinatsegula maso ndikufuna kuwagenda ndi chilichonse chimene chinali pafupi. Mpata umene unachita kugwa wokha m'kamwa mwa achimwene, iwo anautaya ngati madzi otsukira mbale.

Koma sanadzuke. Anatembenuka ali chigwadire, maso ali otsegula, nayang'ana a Esau.

"Alamu, tsopano ndikupempha inu. Ndisiyeni ndilere ana anga. Munda mutenge, chigafa mutenge, mundisiyire nyumba ndi pokhomera ndowa. Ndinakuchititsani manyazi pagulu, pepani. Sichinali cholinga changa."

"Mukuvomera kuti munalakwa kupempherera anthu aja?"

"Kuwapempherera ayi, sindinalakwe. Kukupwetekani ndi kumene ndikupepesa."

A Esau anawongola jekete. "Mwambo sindinauyambe ndine. Ukwati watha ndi imfa, ndipo ana ndi a mbumba ino. Alamu apite kwawo akapume. Ana akhala ndi Idesi."

Ndinaimirira osapempha n'komwe mpata.

"Mwambo uti, achimwene? Mwamuna wa malemu mbale wathu Anna ankamumenya mkazi wake mpaka kumuthyola dzino, koma mpaka lero ali m'mudzi muno, akumwa kachasu ndi chimanga cha m'munda mwathu. Iye mwambo sunamuone? Nenani zoona, kuti mukulanga munthu chifukwa mlendo wamimba anakusekani!"

"Khala pansi, Idesi."

Ndinayang'ana amayi pa mphasa, ndinayang'ana amuna pa mipando. Ankhoswe a ku Nathenje anayesa kunenako, koma anawakumbutsa kuti ndi alendo pa nkhani ya mbumba ya eni. Enawo zii. Pakati pawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene a Efulemu sanamutchulepo dzina pamaso pa Mulungu, koma tsiku limenelo palibe amene anatchula dzina lawo pamaso pa a Esau. Pitala analipo, ndi mwendo wake wochira. Ankakanda pansi ndi kamtengo.

Nkhani itagamulidwa, panafunika kutseka. A Esau anayang'ana mkulu wa mpingo, iye anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la jekete. Anayang'ana amayi, palibe anadzutsa mutu. Msonkhano wosatseka ndi pemphero sitimauwerengera kuti watha, ndiye tinangokhala choncho, kakasi, nkhuku zikudutsa pakati pathu. Kenako a Efulemu anagwadanso.

"Ayi, alamu!" ndinakuwa. "Asiyeni atseke okha!"

Sanandimvere.

"Ambuye, nkhani yatha, mwaimva. Uyu ndi Chithokozo. Akakhala ndi njala sanena, amangoti ndakhuta; womugawira chakudya aziyang'ana mbale yake. Masamu amamuvuta, ndipo akamufunsa mokalipa ndiye amaiwaliratu. Uyu ndi Calvin. Mphepo ikamawomba chifuwa chimamutseka, amafuna kumugoneka chokhala, mutu uli pa chifuwa cha munthu. Akadzafunsa kuti bambo anapita kuti, wina amuuze zoona, kuti sindinamuthawe. Uyu ndi Idesi, mtima wake ndi wapachala, mukumudziwa, koma pakhomo pake mwana sagona ndi njala, mumupatse mphamvu. Awa ndi a Esau. Ana awa tsopano ali m'manja mwawo, ndipo ndi katundu wolemera, musawasiye okha. Ine ndikupita ku Nathenje, manja anga safika kuno. Anu amafika. Ameni."

Amayi onse anali akulira, ena mokweza ngati maliro ayambiranso. Mkulu wa mpingo anabisa nkhope m'chipewa. Achimwene anali atatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndinadikira. Ndinati mwina anena kuti alamu khalani. Koma anali atagamula kale pamaso pa anthu, ndipo munthu amene anasekedwa kamodzi sanafune kusekedwanso. Anatola mpando wawo n'kupita kwawo.

A Efulemu ananyamuka sabata yomweyo. Ine ndi ana tinawaperekeza mpaka pa msewu, ndipo palibe wina wa m'mudzimo amene anatuluka.

"Alamu, bwanji simunapemphere choncho poyamba?" ndinawafunsa. "Mukanatsala. Ndikulumbira, mukanatsala."

"Mwina ndikanatsala," anatero. "Koma poyamba paja ndikanakhala ndikuuza a Esau, n'kumanamizira kuuza Mulungu. Ndinadikira nkhani ithe kuti ndimupatse Mulungu ana anga osayang'ana amene akumvetsera."

"Ndiye mwapindulanji? Pemphero loyera, ana kulibe?"

Anamugwira Chithokozo pamutu, anamunyamula Calvin kanthawi n'kumutsitsa pafupi ndi ine, kenako anakwera njinga. Mpaka lero sindikudziwa ngati anachita bwino, ndipo masiku ena ndimawakwiyira iwo kuposa mmene ndimakwiyira achimwene. Calvin anafuna kuthamangira njingayo, ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka inakhota. Titabwerera, Chithokozo analowa m'nyumba ya bambo ake, natuluka ndi mphasa ndi bulangete lawo, n'kundifunsa kuti kwanga akaziike pati.